Kodi Cithunzi Cinganame?

Munthu ali yense wofika m'mzinda wa Blantyre, akayenda m'mseu wa Victoria Avenue, kapena akaima pa makomo a mahotela, adzaona anyamata atayala zithunzi zao pansi, zina atazitsamiritsa kukhoma, alikulindira wogula. Zithunzizo ziri za kumudzi. Pa cina pali mai alikusinja, mwana ali kumbuyo; pa cina atsikana atasenza mitsuko, alikucokera kumadzi; pa cina mlambe, ndi dzuwa lofiira pamwamba pa nyanja, ndi msodzi mmodzi m'bwato mwace. Ozigula ndiwo alendo ocokera ku maiko akutali, ndiponso eni nyumba zazikuru za ku Namiwawa, ku Sunnyside ndi ku Nyambadwe, amene azipacika m'zipinda zao zocezeramo kuti alendo ao azione.

Inu owerenga athu a kumidzi, kapena mudzaseka pakumva kuti alipo munthu wotaya ndalama zace kugula cithunzi ca mtondo, pamene mtondo weniweni uli gone pakhomo panu, nkhuku zirikujompha m'menemo. Koma musafulumire kuseka, pakuti mlandu uwu ngwanu. Zithunzi zimenezi zinena za inu. Zinena za inu kwa anthu amene sadzagona m'mudzi mwanu ngakhale usiku umodzi, ndipo pamene zirikunena, inu simulipo kuti muyankhe. Munthu wofotokoza za mnzace kwa iwo amene sanaone ndi maso ao timucha mboni, ndipo mboni tiiyesa ngati iri yoona kapena yonama. Cifukwa cace tifuna kufunsa m'mwezi uno ngati munthu wogwira burashi ndi utoto amangidwa ndi lamulo lomwelo limene limanga wolankhula pa bwalo la milandu.

Poyamba tinene kuti kujambula sikunadza ndi Azungu, monga ayesa ena. Pa matanthwe ndi m'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, pali malo 127 amene anthu akale anajambulapo, zofiira za Akafula ndi zoyera za alimi Acewa, ndipo m'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linawerenga malowo pamodzi ndi cuma ca dziko lonse lapansi. Mai amene azira khoma la nyumba yace ndi mtsiro wa mitundu iwiri, najambulapo maluwa ndi nkhanga, ali mdzukulu wa amisiri amenewo. Catsopano ndi ici cokha, cakuti cithunzi cacoka pa khoma la mwini wace, cakulungidwa, ndipo cirikugulitsidwa kwa mlendo.

Kuti tiuone bwino mlandu wathu, tinene za mmisiri mmodzi wa dziko loyandikana nalo, dzina lace Stephen Kappata. Iye anabadwa m'caka ca 1936 ku Barotse, kumadzulo kwa dziko lochedwa masiku amenewo Northern Rhodesia, limene lero liri Zambia. Makolo ace anali obwera, ocokera ku Angola, ndipo miyambo ya pakhomo pao inali ya Aluvale. Cotero mwanayo anakula monga mlendo pakati pa Alozi, ndipo mlendo ayang'anitsitsa zinthu zimene eni mudzi analeka kale kuziona. Atakula anamka ku migodi ya ku South Africa, monga anyamata osawerengeka a kwao ndi a kwathu kuno, amene ankatengedwa ndi Wenela. Dzina limenelo silinafa m'Blantyre, pakuti malo okwerera mabasi achedwa nalo kufikira lero. Atabwerera kwao analowa nchito ya Boma yojambula zithunzi zophunzitsira anthu, nakhala pa nchitoyo zaka zambiri, wosadziwika kunja kwa anansi ace.

Mbiri yace inayamba kumveka iye atakula kale. Mai wina wa ku Denmark anaona zithunzi zace, namlimbitsa mtima. Ndipo m'caka ca 1986, iye ali ndi zaka 50, zinaonetsedwa ku Lusaka m'nyumba yochedwa Mpapa Gallery. Kuyambira pamenepo zinaoloka nyanja, nizionetsedwa ku Ulaya, ndipo m'caka ca 1997 Hugh Macmillan, mphunzitsi wa mbiri yakale, analemba za moyo wace ndi luso lace m'magazini ya African Arts. Kappata anamwalira m'caka ca 2007.

Zimene anajambula ziri za mitundu itatu. Zina nza miyambo ya Aluvale, makamaka makishi, ndiwo obvala zigoba kumaso amene atuluka pa mukanda, cinamwali ca anyamata. Ife a kuno tingawafanizire ndi gule wamkuru. Zina nza moyo wa Zambia atalandira ufulu, wa kumudzi ndi wa m'tauni, pamodzi ndi zopusa zace zomwe, pakuti iye sanaopa kuseka anthu a mtundu wace. Koma zimene zinachuka koposa nza masiku a atsamunda: Bwana wa Boma ali pa ulendo, amesenjala ace, anthu osenza akatundu, ndi manyazi onse a tsankho la khungu. Akuru a kwathu kuno sakadasowa wowamasulira zithunzi zotere, pakuti macila, msonkho wa nyumba ndi thangata anazidziwa ndi mapewa ao. Ndipo pa zithunzi zace Kappata ankalembapo mau ofotokoza cimene cirikucitika, monga munthu wosafuna kuti wogula adzacipatse cithunzico tanthauzo lina lomkomera iye mwini.

Anthu ophunzira za zithunzi aika nchito yotere m'gulu la amisiri osapita ku sukulu yaikuru ya luso, amene ajambula monga cinthu cikhalira mumtima mwao, osasamala malamulo a muyeso. Ndipo nzoona kuti mphunzitsi wotuluka ku sukulu ya Normal, atagwira rula yace, angapeze zolakwa zambiri pa zithunzi za mtundu umenewu: mutu wakula koposa thupi, munthu wakutali alingana msinkhu ndi wapafupi, utoto uwala monga nsaru yatsopano ya m'sitolo, ndi mthunzi palibe. Mwana akajambula cotero m'kalasi, kawirikawiri auzidwa kuti afute, ayambenso. Koma pamenepa ndi pamene pagona nkhani yathu. Kulakwa kuli pawiri: kulipo kulakwa kwa dzanja, ndipo kulipo kulakwa kwa mtima, ndipo ziwirizi siziweruzidwa ndi mfumu imodzi.

Taganizani za mlandu wa mbuzi yobedwa, wokambidwa pa bwalo la nyakwawa. Iimirira nkhalamba yacibwibwi, mau ace osalongosoka. Iyamba ndi za kumapeto, nibwerera ku ciyambi, ana naseka. Koma nkhalambayo inaona ndi maso ace mbuzi irikukokedwa mbandakuca, ndipo ichula cingwe, ndi njira, ndi malaya a wokokayo. Pambuyo pace aimirira mnyamata wa pakamwa pokoma, mau ace oterera ngati therere, anthu nagwedeza mitu. Koma usiku umenewo iye anali ku mowa tsidya lina la mtsinje, ndipo alikunena zimene mwini mlandu anamuuza, atampatsa nkhuku. Nyakwawa yanzeru idziwa amene iyenera kummvera. Cibwibwi siciononga umboni. Cimene ciuononga ndico kunena zimene sunaziona, kapena kubisa dala zimene unaziona cifukwa ca mphotho. Momwemonso mutu waukuru pa cithunzi suli bodza iai. Uli cibwibwi cabe ca dzanja.

Sukulu ndi yabwino, ndipo sitiipeputsa. Mmisiri wodziwa muyeso ali ndi cida cimene mnzace alibe. Koma a Blantyre tiri naco citsanzo pafupi cakuti nchito yokhalitsa siilindira setifiketi. Nyumba ija ya St Michael and All Angels inamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 ndi David Clement Scott, amene sanaphunzira za kumanga, pamodzi ndi anthu a dziko lino amene anaphunzira kuumba ndi kuyala njerwa pa nchito pomwepo. Ndipo iri ciriri kufikira lero.

Wina adzati, Nanga kamera? Zithunzi za kamera za masiku a atsamunda ziripo zambiri, ndipo kamera siiphonya muyeso. Inde, koma funsani amene anaigwira. Anaigwira ndiye Bwana kapena mnzace; Bwana akhala pakati, dzina lace lilembedwa pansi, ndipo osenza macila aima m'mbali ndi kumbuyo, opanda maina, atauzidwa kuti asagwedezeke. Muyeso uli wolungama ndithu, koma mlandu wakambidwa ndi mbali imodzi. Kappata anajambula masiku omwewo monga anaonekera kwa munthu woima pansi, wa katundu pamutu, amene ayang'ana Bwana namuona ali woopsa ndi woseketsa nthawi imodzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko, anatero akale. Kamera inasunga maonekedwe a ulendo; kulemera kwa ulendowo kunatsala m'mitima ya anthu osenza, ndipo kukadapita nao kumanda pakadapanda wina wa kwao kutenga burashi.

Tioloke nyanja kanthawi, pakuti ku America kunali mai wina amene moyo wace uunikira mbali yina ya mlanduwu. Clementine Hunter, mdzukulu wa akapolo, anabadwa ku Louisiana ca m'caka ca 1887, nakhala kuyambira utsikana wace pa munda waukuru wochedwa Melrose, kutola thonje, ndipo pambuyo pace kuphika ndi kucapa m'nyumba ya eni munda. Kuwerenga ndi kulemba sanadziwa. Atapitirira zaka 50 anapeza utoto ndi maburashi zimene mlendo wina wojambula anazisiya, nayamba kujambula pa ciri conse cimene anacipeza, makatoni, matabwa, mabotolo, ndi nsaru yochingira zenera. Anajambula otola thonje, akazi ocapa zobvala, ubatizo mumtsinje, ukwati, maliro, ndi ndeu za pa mowa Loweruka usiku. Zokoma ndi zoipa sanazisiyanitsa, pakuti zonse zinali za kwao. Munthu wofunika m'maso mwace anamjambula wamkuru, ndi wosafunika anamcepetsa, ngakhale aime pafupi. Rula ikana zimenezo, koma ndani wa ife, pokumbukira ubwana wace, saona atate wace ali otalika koposa denga la nyumba?

Zithunzi zace zoyamba zinagulidwa ndi masenti 25. M'caka ca 1955 zinaonetsedwa pa koleji ya ku Natchitoches, koma cifukwa ca malamulo a tsankho mwini wace sanaloledwa kulowa pamodzi ndi Azungu odzaona, ndipo anakaziona nthawi imene anthu ena kunalibe. Sukulu yomweyo inampatsa ulemu wa udokotala m'caka ca 1986, ndipo anamwalira pa 1 January 1988, atakwanitsa zaka 100.

Koma cimene tamchulira ndi ici. Mbiri yace itakula, ndi mtengo wa zithunzi zace utakwera, anauka anthu onyenga. Mmodzi wa iwo, William Toye, anabvomera pa bwalo la milandu m'caka ca 2011 kuti iye ankajambula zithunzi, nazigulitsa m'dzina la maiyo. Taonani, kupotoka kwa dzanja kungathe kuphunziridwa monga mayendedwe a munthu wotsimphina. Wonyengayo anatsanzira anthu osalingana ndi nyumba zopendekeka, nanyenga nazo ogula zaka zambiri, koma moyo wa m'munda wa thonje sanaukhala. Cifukwa cace tisayese kuti cithunzi ciri coona pakuti cioneka ca munthu wosaphunzira. Cibwibwi naco cingakhale ca dala, ndipo pa msika wa alendo cibwibwi cigulidwa bwino.

Tsopano tibwerere kwa anyamata athu a m'mseu wa ku Blantyre. Sitiwanyoza konse. Ambiri anadziphunzitsa okha, ndipo ena a iwo ali ndi dzanja labwino lomwe. Koma utoto ugulidwa ndi ndalama, mwini nyumba ku Ndirande kapena ku Bangwe afuna zace pakutha pa mwezi, ndipo ana afuna nsima. Cotero mnyamata waphunzira msanga cimene cigulidwa ndi cimene citsala. Cithunzi ca nkhokwe yopanda kanthu m'mwezi wa February citsala. Amai ogona pa msika wa ADMARC kulindira cimanga atsala. Kabokosi kakang'ono ka maliro a mwana, mlendo sangakapacike m'cipinda cace codyeramo. Pamenepo mnyamata ajambula mai wosinja, najambulanso, kakhumi ndi makumi awiri. Mnzace wa pambali atsanzira, ndipo mng'ono wao, wobadwira m'tauni, amene nyanja sanaione ndi kale lonse, ajambula msodzi m'bwato.

Kodi ameneyu ali wonama? Tiyankhe mosamala, pakuti kusanena zonse sindiko kunama. Mai wosinja alipodi, ndi mlambe ulipodi. Cimwemwe ca kumudzi siciri copeka: masika akafika, maungu ali mbwee, ana alikuocha mondokwa, ndi mwezi uli kuwala pa bwalo, palibe wa m'tauni angatiuze kuti kwao kuposa. Ndiponso liripo bodza lina lotembenuka, la zithunzi zopemphera thandizo, zoonetsa mwana wa nchenche kumaso yekha yekha, monga ngati kumudzi sikusekedwa konse. Umenewonso uli umboni wokhota, wojambulidwa kuti ukondweretse wopereka, ndipo utinyazitsa koposa winawo.

Bodza la zithunzi za m'mseu siliri m'cithunzi cimodzi. Liri m'zonse pamodzi. Mukakhala ndi mpata, imani pamenepo, muyang'ane zithunzi zambiri, nimuwerenge zimene zisowamo. Njinga mulibe, ngakhale palibe mudzi lero umene kabaza safikako. Malata mulibe. Cigayo mulibe, cinkana amai ambiri asenza mphale yao kumka ku cigayo. Mjigo mulibe, foni mulibe, sukulu mulibe, cipatala mulibe, ngakhale chalichi mulibe. Thumba la feteleza, limene limsowetsa mlimi tulo caka ndi caka, simudzaliona. Phiri la pa cithunzi liri ndi mitengo yace yonse, pamene phiri la Ndirande, loonekera kucokera pa mseu womwewo, linametedwa mpala. Mudzi wa pa zithunzi ulibe caka. Sukalamba, sudwala, sukhoma msonkho, sutumiza ana ace ku Joni, ndipo sufuna kanthu kwa munthu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo umboni wotere ubala zipatso zace. M'nyumba zazikuru zija mukhala anthu amene mau ao alemera: ena a Boma, ena a mabungwe a citukuko, ena a malonda ogula nandolo, soya ndi fodya kwa alimi. Munthu wotere akaweruka madzulo, nakhala pa mpando wace, maso ace agwa pa mudzi wa pakhoma, wamtendere, wokhuta, wosadandaula. Sitinena kuti cithunzi cokha ciumitsa mtima wa munthu. Koma cimene munthu aciona masiku onse cimlowa iye osadziwa, monga utsi ulowa m'zobvala za wokhala pafupi ndi moto. Tsiku limene akhala pa msonkhano wopangana mtengo wa mbeu, kapena wosankha mseu woyamba kukonzedwa, mudzi umene uli m'mutu mwace ndi uti? Ndipo m'mawa mwace adza mai wanchito, atayenda pansi kucokera ku Chilomoni kapena ku Mbayani, napukuta pfumbi pa cithunzico. Iyeyu ndiye mwini nkhani. Anacoka kwao cifukwa munda unacepa, ndi cimanga cinkatha mvula isanagwe. Koma palibe amfunsa ngati cithunzi cirikunena zoona.

Kuyankha kwathu tsono ndi uku: inde, cithunzi cinganame, ndipo wogwira burashi ali mboni, nayenera kuyesedwa monga mboni. Koma pogawa mlandu sitiika mtolo waukuru pa mutu wa mnyamata wa m'mseu. Pa bwalo, wogula mboni ali ndi mlandu woposa mboni yogulidwa, makamaka ngati mboniyo inagona ndi njala. Wogula amene afuna mudzi wopanda thukuta, napitirira cithunzi coona, ndiye alikuyendetsa dzanja la mmisiri, cinkana sanakhudza burashi. Tikumbukenso kuti Kappata anali ndi malipiro a Boma zaka zambiri, ndi mai Hunter poyamba paja anali ndi nchito yace ya m'nyumba. Cakudya cao ca madzulo sicinalindira kuti cithunzi ca tsiku limenelo cigulidwe. Kunena zoona kuli kopepuka pang'ono kwa munthu amene ufa ulimo m'nyumba.

Komabe mnyamatayo sitimmasula konse. Mlimi wa fodya alima fodya kuti agulitse, koma wanzeru asiya ndime ya cimanga ca pakhomo. Mmisiri naye angajambule zisanu ndi zinai za msika, nasiya cakhumi kuti anenemo cimene anaciona ndi maso ace: agogo ace monga ali, ndi citenje cao cong'ambika, ndi wailesi yao, ndi manda atsopano kuseri kwa mudzi. Akapanda kutero, dzanja lace lizolowera, ndipo pakupita pa zaka iye mwini sadzakhozanso kusiyanitsa mudzi wa kwao ndi mudzi wa malonda. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Ndipo mwana wojambula mai wace ndi mwendo wa munthu wina, cifukwa ca manyazi pamaso pa alendo, wamkana mai waceyo, ngakhale anatero pofuna kumkometsa.

Liripo gawo lanu inunso a kumidzi. Lowani m'nyumba za anansi anu, muone za pakhoma: kalendala ya sitolo, timu ya mpira ya ku England, nkhope ya wandale wa cisankho capita. Za mudzi womwewo palibe. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni m'caka ca 1976, amisiri a m'midzi yozungulira anapatsidwa danga lakusema ndi kujambula nkhani za Acewa, Angoni ndi Ayao ndi nkhope za anthu a dziko lino, ndipo eni ace a miyamboyo akhoza kufikako ndi kudzionera. Mudzi umene ukhoza kusonkha ndalama za jeresi ya timu ya anyamata ungathenso kugula utoto, nuitana mmisiri wa pakati pao kuti ajambule pa khoma la sukulu za kwao monga ziri: kuumba njerwa, kukonza mjigo, kusenza wodwala pa njinga, tsiku la msika. Ubwino wace wa cithunzi cotere ndi wakuti oweruza ali pomwepo. Mmisiri akakometsa koposa, amai odzera pamenepo pocokera kumadzi adzaima, nadzamfunsa kuti mtsinje wodzala cotero mu October anauona kuti. Cithunzi cimene eni nkhani aciona tsiku ndi tsiku sicinganame nthawi yaitali. Cinama ndi cimene cakulungidwa ndi kukwera ndege pa Chileka.

Ndipo ziripo nkhani za dziko lino zimene pa msika wa zithunzi sitizipeza. Iripo njala ya 1949, imene inasautsa boma lino la Blantyre koposa, mvula itadula pakati pa dzinja. Anthu anakumba mizu ya m'thengo, ndipo amuna ambiri anacoka kukafuna cakudya, ena osabwereranso kwa akazi ao. Liripo thangata la m'minda ya Azungu ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu, kumene munthu ankasiya munda wace nthawi ya kupalira kukagwira nchito ya lendi ya nthaka imene anakhalapo. Alipo namondwe wa Freddy wa mu March 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe. Za namondweyo mafoni anajambula zambiri, koma anajambula m'mawa mwace, ataima kunja. Momwe zinaonekera kwa mai amene anali m'nyumba ndi ana ace, pomva phiri lirikubangula, ziri m'mutu mwa maiyo.

Wojambula zimenezi sayenera kukhala mnyamata. Kappata anadziwika ali ndi zaka 50, ndipo mai Hunter anagwira burashi ali ndi zidzukulu. Utoto wa m'sitolo ukasowa, makala, phulusa, katondo ndi laimu ziripo pakhomo pali ponse, ndi katoni ya sopo ikwanira kuyambirapo. Mwana amene anali ndi zaka 10 m'njala ya 1949, naona amace alikukumba mizu, lero wapitirira zaka 80, ndipo m'midzi ya ku Lunzu ndi ku Lirangwe otere atsala owerengeka.